Pangano la Awarli ndi Chilombo: Kodi Waghoba Amateteza Ndani?

Kumalire a midzi yambiri ya m'maboma a Palghar ndi Thane, kumpoto kwa mzinda wa Mumbai m'dziko la India, kumapezeka kachisi wamng'ono patsinde pa mtengo. Kwina ndi kadenga ka malata pa mizati inayi, kwina kulibe denga n'komwe. Pakati pake pamakhala thabwa lozika pansi kapena mwala, ndipo pamenepo anasemapo chilombo cha mchira wautali, dzuwa ndi mwezi zili pamwamba pake. Thabwalo limachita kufiira psuu ndi ufa wa sindoor umene anthu akhala akupakapo chaka ndi chaka. Pansi pamakhala zigoba za kokonati, maluwa ofota, phulusa la lubani ndi nthenga za tambala.

Ameneyu ndiye Waghoba, mulungu wa anthu a mtundu wa Warli ndi mitundu ina yoyandikana nawo. Nkhope yake ndi ya zilombo ziwiri: nyalugwe wamkulu wa mizeremizere wa ku Asia, ndi kambuku wa mawanga amene ifenso timamudziwa. Wa mizereyo anatha kalekale m'nkhalango zambiri za dera limeneli, koma wa mawangayo akadalipo, ndipo usiku amadutsa kuseri kwa makola ndi m'tinjira ta kumadzi. Anthu amene chilombochi chimawagwirira mbuzi, agalu, nthawi zinanso ana, ndi omwewo amene amachiphera tambala ndi kuchipempha kuti chilondere mudzi.

Kwa zaka zingapo tsopano akatswiri osamalira nyama zakutchire akhala akuloza ku tiakachisi timeneti ngati umboni wakuti munthu ndi chilombo angathe kukhala malo amodzi. Ena akukayika. Iwo akuti kutamanda chikhulupiriro cha anthu osauka ndi njira yosavuta yowasenzetsa ngozi imene anthu a ndalama sangailole pakhomo pawo. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo zolemera, ndipo n'zofunika kuzimva modekha, chifukwa mkanganowu ukukhudza moyo wa ana, moyo wa nyama, ndi tsogolo la mtundu wa anthu umene malo ake akucheperachepera.

Eni nthaka amene anasanduka alendo

Awarli ndi amodzi mwa anthu amene ku India amatchedwa Adivasi, eni nthaka akale. Amakhala pakati pa mapiri a Sahyadri ndi nyanja ya Arabia, m'madera monga Dahanu, Talasari ndi Jawhar m'chigawo cha Maharashtra, mpaka kulowa kum'mwera kwa Gujarat ndi ku Dadra and Nagar Haveli. Amalima mpunga ndi mawere, amaweta ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, ndipo akakolola ambiri amapita kukagwira ganyu youmba njerwa kapena yomanga nyumba m'matauni. Kunja amadziwika ndi zojambula zawo zoyera za phala la mpunga pa khoma la dothi: tianthu tambirimbiri tikuvina mozungulira woimba chitoliro cha tarpa. Malemu Jivya Soma Mashe, amene anatisiya mu 2018, ndi amene anatulutsa luso limeneli m'nyumba za maukwati n'kukalifikitsa m'nyumba zoonetsera zaluso za kutsidya kwa nyanja.

Mbiri yawo ndi yolandidwa. Malamulo a nkhalango a atsamunda a ku Britain, makamaka la 1878 ndi la 1927, anasandutsa thengo limene ankadalira kukhala katundu wa boma. Minda yambiri inagwera m'manja mwa eni malo ndi akatapila, ndipo mabanja anayamba kugwira thangata, ena kugwirira ngongole ya ukwati mpaka kukalamba. Mu 1945 anadzuka n'kukana, mothandizidwa ndi mayi Godavari Parulekar ndi bungwe la alimi la Kisan Sabha, ndipo kuukirako kunapitirira mpaka 1947. Choncho tikamakamba za Awarli ndi kambuku, tisaiwale kuti kwa zaka pafupifupi 150 mdani amene wawatayitsa zambiri ndi wa miyendo iwiri.

Mwana amene anasanduka chilombo

Nthano ya chiyambi cha Waghoba imasiyana mudzi ndi mudzi, koma msana wake ndi umodzi. Mayi wina anabereka mwana wodabwitsa. Mayiyo akachokapo kukagwira ntchito, mwanayo ankasanduka chilombo n'kumagwira ziweto za m'mudzi. Anthu atatopa nazo anapangana zomupha. Apa m'pamene mayi ake anaima pakati. Mwana wawo anamuuza kuti apite akakhale kuthengo, ndipo a m'mudzi anawauza kuti amuikire malo ake kumalire ndi kumamupatsa kamodzi pachaka chimene amakonda, nkhuku kapena mbuzi.

Nthanoyi siinena kuti chilombocho n'chofatsa. Imavomera kuti n'cholakwa, kuti chinawononga chuma cha anthu. Koma imatinso wolakwayo ndi mwana wa m'mudzi momwemo, ndipo mlandu wa mbale suthera pa nthungo. Umathera pa pangano, mbali iliyonse n'kukhala ndi udindo wake: chilombo chikhale kuthengo ndi kulondera malire, anthu asaiwale nsembe ndi ulemu.

Panganoli limakumbukiridwa pa mwambo wa Waghbaras, umene umachitika cha m'nyengo ya chikondwerero cha Diwali, mu Okutobala kapena Novembala, mpunga utacha. Mabanja amasonkha zimene angathe. Wansembe wa m'mudzi, amene amatchedwa bhagat, amatsogolera mapemphero ndi nyimbo, ndipo kwina mwambowo umachezera usiku wonse. Amapereka maluwa, kokonati, mowa wa mgwalangwa, tambala kapena mbuzi, nyamayo n'kuidyera pamodzi. Anthu amapitanso kwa Waghoba pa nthawi ya ukwati, ya matenda, kapena ziweto zikayamba kusowa.

Mu 2021 gulu la ofufuza, mwa iwo a Ramya Nair ndi a Vidya Athreya, linasindikiza zotsatira za kafukufuku wake m'magazini ya Frontiers in Conservation Science. Linawerenga akachisi a Waghoba okwana 150 m'maboma a Mumbai Suburban, Thane ndi Palghar. Ena anali akale kwambiri, ena omangidwa posachedwa, zimene zikusonyeza kuti chipembedzochi chikadali chamoyo. Ofufuzawo anapezanso kuti chiweto chikagwidwa, anthu ambiri sathamangira kuimba mlandu chilombo. Amayamba adzifunsa ngati anazengereza nsembe.

Zimene otamanda mwambowu akunena

Mfundo yawo yoyamba ndi yakuti Waghoba amaupatsa mkwiyo njira yodutsamo. Munthu wosauka akataya mbuzi amakhala wataya fizi ya mwana kapena ndalama ya kuchipatala, ndipo mtima umafuna kubwezera. M'madera ena a India kubwezerako kumakhala koopsa: poizoni pa nyama yotsala, misampha ya waya, khamu la zibonga. Mu 2011 m'chigawo cha Uttarakhand anthu okwiya anatentha kambuku wamoyo ali m'khola la msampha, akuluakulu a zankhalango akuona. Kumene kuli Waghoba, mudzi uli ndi kopita ndi chisoni chake, uli ndi munthu womufunsa, uli ndi chochita chimene onse amachivomereza. Mwambo umalowa pakati pa kutaya ndi kubwezera, ndipo masiku ochepa amenewo ndi amene nthawi zambiri amapulumutsa nyama.

Wina angafunse kuti, nanga kupulumutsa kambuku kumamupindulira chiyani mwini mbuzi? Apa sayansi ili ndi yankho lodabwitsa. Kambuku ndi nyama yokhala ndi dera lake. Amene wakulira pafupi ndi mudzi amadziwa nthawi imene anthu amayenda, amadziwa kobisala, ndipo amaphunzira kwa mayi ake kupewa munthu. Ukamugwira n'kukamutaya kutali, umapanga mavuto awiri: dera lake limalowedwa ndi mlendo, ndipo iye amakafika kumalo osawadziwa ali wovulala, wanjala ndi wamantha. Ku Junnar, m'boma la Pune, kumene akambuku amaswana m'minda ya nzimbe, a zankhalango anagwira ndi kusamutsa akambuku 29 kuyambira mu 2001. Kafukufuku wa a Athreya ndi anzawo, wosindikizidwa mu 2011, anapeza kuti kusamutsako kusanayambe anthu ovulazidwa kapena kuphedwa ankakhala pafupifupi 4 pachaka, koma kutayamba anafika pa 17 pachaka. Mankhwala anakulitsa matenda.

Mumbai inaphunzira phunziro lomweli ndi misozi. Pakati pa 2002 ndi 2004 anthu ambiri anaphedwa m'mbali mwa nkhalango ya Sanjay Gandhi National Park, pa nthawi imene akambuku ogwidwa kwina ankatulutsidwa m'nkhalangomo. Kugwira ndi kusamutsa mwachisawawa kutachepa, ngozi zinatsika kwambiri. Mu 2011 boma la India linatulutsa ndondomeko yolangiza kuti kambuku asamagwidwe chifukwa chongoonekera, ndipo chaka chomwecho kunayamba ntchito ya Mumbaikars for SGNP yophunzitsa anthu a mumzinda kukhala moyandikana ndi nyamazi. Uphungu wake unali wakuti ana asayende okha kukada, munthu aziyenda ndi tochi ndi kupanga phokoso, zinyalala zisaunjikane chifukwa zimaitana agalu ndi nkhumba, ndipo kambuku akaoneka apatsidwe njira osati kumuzinga. Zambiri mwa izi agogo a Chiwarli akhala akuuza adzukulu awo kuyambira kale. Mudzi umene sukuwa kuti abweretse msampha nthawi iliyonse ukaona mapazi a chilombo umakhala, mosadziwa kapena modziwa, ukusunga kambuku amene amaudziwa.

Umboni wina ndi nkhalangoyo. Sanjay Gandhi National Park ndi ya masikweya kilomita ongopitirira pang'ono 100, yozingidwa ndi mzinda wa anthu oposa 20 miliyoni. Kalembera wa makamera wa 2018 anapeza akambuku 47, kuchuluka kumene n'kosowa pa dziko lonse poyerekeza ndi kukula kwa malowo. Kafukufuku wina wa chaka chomwecho anayerekeza kuti pafupifupi 40 peresenti ya chakudya chawo ndi agalu oyendayenda, zimene zingachepetse kulumidwa kwa anthu ndi chiwewe m'madera oyandikana ndi nkhalangoyo. M'kati mwa nkhalangoyi, ndi m'dera loyandikana nalo la Aarey, muli midzi ya Adivasi imene inalipo mzinda usanafike. Otamanda mwambowu akuti anthu amene akhala nthawi yaitali chonchi pakati pa zilombo zochuluka chotere ayenera kumvedwa ngati aphunzitsi.

Zimene okayika akunena

Choyamba, akuti tisasokoneze zinthu ziwiri zimene zangopezeka malo amodzi: kachisi ndi kambuku wamoyo. Kafukufuku wa 2021 anali wocheza ndi anthu ndi kulemba zimene amakhulupirira. Cholinga chake sichinali kuyerekeza midzi ya kachisi ndi yopanda kachisi kuti aone kumene akambuku amaphedwa kwambiri. Palinso chifukwa china chimene munthu angasiyire kambuku wamoyo: lamulo loteteza nyama zakutchire la 1972 limaika kambuku ndi nyalugwe pa mndandanda wa nyama zotetezedwa kwambiri, ndipo wopha amatha kukakhala kundende zaka zingapo. Munthu wosauka amene nyumba yake ili pa malo amene boma limati ndi ake ali ndi zifukwa zambiri zopewera kukangana ndi a zankhalango. Kuleza mtima kwake kungakhale chikhulupiriro, kungakhale mantha, kungakhale zonse ziwiri.

Chachiwiri, chipembedzo sichinapulumutse nyalugwe wa mizere. Akachisi anatsala, koma nyamayo inatha m'nkhalango zambiri za kumpoto kwa Mumbai chifukwa cha alenje, mphotho zimene atsamunda ankapereka kwa opha zilombo, ndi kudulidwa kwa mitengo ya matabwa ndi makala. Kwathu kuno timadziwa kuti mitengo ya kumanda imatsala pamene phiri lonse lametedwa mpala, koma palibe anganene kuti kuopa mizimu kwathetsa vuto la makala. Mwambo umateteza chimene chili m'manja mwa osunga mwambowo. Sungaimitse macheka a munthu wochokera kutali amene alibe nawo gawo.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye cholemera kuposa zonse, kachisi saletsa mano. Kum'mawa kwa Maharashtra, m'boma la Chandrapur, anthu a mtundu wa Gond nawonso amalemekeza mulungu wa nyalugwe, ndipo m'mbali mwa nkhalango ya Tadoba muli zifanizo zimene zinaimikidwa pamene munthu anagwidwa. Komabe mu 2022 mokha anyalugwe anapha anthu oposa 40 m'boma limenelo. Ku Aarey, mu 2021, kamera inajambula mayi wachikulire atakhala pakhonde madzulo, kambuku n'kumudumphira kuchokera kumbuyo, iye n'kudziteteza ndi ndodo yake yoyendera. Komweko mu Okutobala 2022, m'mamawa wa tsiku la Diwali, mwana wamkazi wa chaka chimodzi ndi miyezi ingapo anagwidwa pafupi ndi nyumba ya makolo ake ndipo anamwalira. Amene amagwidwa kawirikawiri ndi ana, okalamba, ndi munthu amene wanjuta kuthengo chifukwa kwawo kulibe chimbudzi. Kwa mayi amene wataya mwana, mawu akuti anthu ndi zilombo akukhala bwino limodzi ndi opweteka.

Okayikawa amaonjezanso kuti khalidwe lodziimba mlandu lija, limene akatswiri amaliyamikira, lili ndi mbali yake ya mdima. Ngati ngozi imabwera chifukwa wina anaiwala nsembe kapena analakwira mwambo, ndiye kuti banja lofedwa likhoza kusenza chisoni ndi manyazi pamodzi. Ndipo anthu amene amati cholakwa n'chathu sachedwa kusiya kufunsa boma chifukwa chake mudzi wawo ulibe magetsi, madzi a m'mipopi, kapena basi yotengera ana kusukulu. Midzi ingapo ya m'kati mwa Sanjay Gandhi National Park yakhala zaka zambiri yopanda zinthu zimenezi, chifukwa malamulo a nkhalango amaletsa kumanga, pamene nyumba zosanjikizana za anthu olemera zikuwala usiku wonse kunja kwa mpanda.

Pomaliza, akuti Awarli si anthu a m'chithunzi. Achinyamata awo ali pa foni, ali m'makoleji, ali m'mafakitale a ku Palghar. Ena analowa Chikhristu, ena analowa magulu a Chihindu amene amaletsa nyama ndi mowa, ndipo sagwirizana ndi kupha tambala pa kachisi. M'madera ngati Aarey anthu ambiri masiku ano ndi obwera kudzafuna ntchito, amene sanakule ndi nthano ya mwana wosanduka chilombo. Ndondomeko ya boma imene ingatsamire pa chikhulupiriro cha gulu limodzi ikhoza kugwa chikhulupirirocho chikasintha.

Kuyeza mbali ziwirizi

Ndikaika mfundozi pa sikelo, ndikuona kuti mbali ziwirizi zikuyankha mafunso osiyana. Okayika akufunsa ngati Waghoba amatseka pakamwa pa chilombo, ndipo yankho ndi lakuti ayi. Otamanda akufunsa ngati Waghoba amasintha zimene anthu amachita chilombo chikaluma, ndipo pamenepa umboni ulipo wokwanira kuti timvetsere. Kusintha kumeneko si kwachabe. Zimene zinachitika ku Junnar ndi ku Mumbai zikusonyeza kuti kuchita zinthu ndi mantha kumapha anthu ambiri kuposa kudekha, ndipo kudekha sikugulidwa m'sitolo. Boma limatha kusindikiza timapepala ta malangizo, koma silingapange m'zaka zisanu chinthu chimene mudzi unachiumba m'mibadwo yambiri. Amene amaona tiakachisi timeneti ngati umbuli akutaya chuma chimene sangachibwezeretse.

Nkhani ya nyalugwe amene anatha ndiyo imandiuza zambiri, ndipo sindikuiona ngati umboni wotsutsa Awarli. Amene anadula nkhalango ndi kulipira alenje sanali opembedza Waghoba. Panganoli linali la mbali ziwiri, mudzi ndi chilombo, ndipo linagwira ntchito pamene awiriwo ndi amene anali ndi mawu pa thengo. Lero pali wachitatu amene sanakhalepo pa bwalo pamene ankapangana, koma ndi amene ali ndi mphamvu kuposa onse: boma, mzinda, ndi a makampani omanga. Mu Okutobala 2019 mitengo yoposa 2,000 inadulidwa ku Aarey kuti pamangidwe malo osungira sitima za Metro, ndipo anthu 29 amene ankatsutsa anamangidwa, ena mwa iwo a m'midzi ya Adivasi. Mu 2020 boma la chigawo linalengeza maekala pafupifupi 800 a Aarey kukhala nkhalango yotetezedwa n'kusamutsa ntchitoyo, koma mu 2022 boma latsopano linaibwezera pomwepo. Njanji ya sitima yothamanga kwambiri ya pakati pa Mumbai ndi Ahmedabad ikudutsa m'boma la Palghar, ndipo mu 2024 kunavomerezedwa doko lalikulu la Vadhavan pafupi ndi Dahanu. Ntchito iliyonse mwa izi ili ndi oikira kumbuyo ake ndi zifukwa zawo. Koma iliyonse imadula njira za nyama, imapanikiza chilombo ndi mudzi pa kamalo kochepa, kenaka n'kuyembekezera kuti anthu a m'mudzimo apitirize kuleza mtima.

Akuluakulu amati wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo n'zoona kuti Awarli sanjenjemera ndi kambuku monga amachitira munthu wa m'nyumba zosanjikizana. Koma mwambiwu umanena za munthu amene anasankha yekha. Mwana amene akuyenda mtunda wa mdima kupita kusukulu sanasankhe kalikonse. Kulimba mtima kwa makolo ake sikuchotsa udindo wa amene ali ndi ndalama zoikira nyale m'njiramo. Apa ndikugwirizana ndi okayika ndi mtima wonse: n'kulakwa kutenga chikhulupiriro cha anthu n'kuchisandutsa chifukwa chowamana zimene nzika iliyonse iyenera kulandira.

Sindikugwirizana nawo akamaganiza kuti kudziimba mlandu pamaso pa Waghoba kumapha mtima wofunsa boma. Mbiri ikukana zimenezo. Anthu omwewa amene amapaka sindoor pa thabwa ndi amene anakana thangata mu 1945, ndipo adzukulu awo anali m'gulu la oima kutsogolo kwa macheka ku Aarey. Kwa ambiri a iwo, kuteteza nkhalango ya chilombo ndi kuteteza mudzi wawo ndi nkhondo imodzi. Munthu angathe kunena kuti kambuku ali ndi ufulu wokhala pano, n'kunenanso kuti ifenso tili nawo.

Chofunika kuchitika

Ngati dziko la India likufuna kupindula ndi pangano limeneli, liyenera kulowamo ndi kusenza gawo lake. Choyamba ndi malo. Lamulo la ufulu wa anthu okhala m'nkhalango la 2006 linavomereza poyera kuti Adivasi anachitiridwa zosalungama, ndipo linawapatsa njira yopezera umwini wa minda yawo ndi ulamuliro wa mudzi pa nkhalango yowazungulira. Kumene lamuloli likuchedwa kugwira ntchito, banja limakhala ndi mantha akuti lisamutsidwa, ndipo banja losamutsidwira m'chipinda cha pa nsanjika yachisanu silipita ndi kachisi, khola, kapena nzeru ya njira za chilombo. Kuchotsa Awarli m'nkhalango pofuna kuteteza kambuku n'kuchotsa anthu amene amamulekerera kuposa wina aliyense.

Chachiwiri ndi zinthu zooneka zazing'ono zimene zimapulumutsa moyo: chimbudzi pakhomo, nyale m'njira, kuchotsa zinyalala, makola olimba, galimoto yotengera ana kusukulu. Chachitatu ndi chipepeso chofika msanga. Mu 2023 boma la Maharashtra linakweza ndalama yoperekedwa kwa banja la munthu wophedwa ndi nyama zakutchire kufika pa ma rupee 2.5 miliyoni. Ndalama siibweza mwana, koma mwini mbuzi amene walipidwa popanda kuyenda maulendo ambirimbiri ku ofesi amakhala ndi chifukwa chimodzi chocheperapo chogulira poizoni. Chachinayi ndi kuvomereza kuti chilombo chimene chatsimikizika kuti chikusaka anthu chiyenera kuchotsedwa, chomwecho osati china chilichonse chimene chalowa mumsampha. Nthano ya Awarli yomwe imati chilombo chili ndi malire ake.

Palinso chinthu chimodzi chimene akatswiri ayenera kudziletsa. Waghoba si chida chawo. Si chikwangwani choti achinyamule n'kukachizika m'midzi ya anthu ena, kapena gule woti alendo azilipira kuti aonere. Awarli samupembedza pofuna kukweza chiwerengero cha akambuku m'malipoti a boma. Ali ndi ufulu wosintha mwambo wawo, kukangana za nsembe ya tambala, ngakhale kuusiya kumene. Chimene boma ndi mabungwe angachite ndi kuonetsetsa kuti msewu watsopano usagumule kachisi popanda kufunsa eni ake, ndi kuti pamene akukambirana zotchera kapena kusatchera msampha, bhagat ndi amayi a m'mudzi akhale pa mpando wofanana ndi wa mkulu wa zankhalango.

Dziko la India lili ndi akambuku pafupifupi 13,900 ndi anyalugwe oposa 3,600 malinga ndi kalembera wa 2022, ndipo ambiri mwa akambukuwo amakhala kunja kwa malo otetezedwa, pakati pa minda ndi midzi. Mipanda siingawakwanire, ndipo makola osungiramo ogwidwa amadzaza msanga. Tsogolo lawo lili m'manja mwa anthu wamba amene amavomera kugona mtunda wochepa kuchokera pamene chilombo chagona. Awarli akhala akulipira mtengo wa kuvomera kumeneku ndi mbuzi zawo, tulo tawo, ndipo nthawi zina ana awo. Amene akusangalala kuti Mumbai ikadali ndi akambuku ali ndi ngongole kwa anthu amenewa, ndipo ngongoleyo iyenera kubwezedwa ndi mapepala a umwini wa malo, magetsi, zimbudzi ndi mawu pa zokambirana zokhudza nkhalango yawo.